Mphatso ya chipani: chimene chimatsala ntchito yoyamba ikatha

M'chaka cha 1218, mumzinda wa Barcelona, Peter Nolasco ndi anzake anayambitsa chipani cha anthu odzipereka kwa Mulungu mu Mpingo wa Katolika, chimene ntchito yake inali imodzi basi: kuwombola akhristu ogwidwa ukapolo pa nkhondo ndi pa nyanja ya Mediterranean. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha ndalama, zikakwana n'kuwoloka nyanja kukalipira dipo kuti anthu abwerere kwawo. Pamwamba pa malumbiro atatu odziwika aja, a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, iwowa anadzaonjezapo lachinayi, loopsa zedi. Ndalama zikaperewera, kapolo wina ali pafupi kutaya chikhulupiriro chifukwa cha mazunzo, mmodzi wa iwo ankalonjeza kutsala m'manja mwa eni akapolo ngati chikole, mnzakeyo azipita.

Chipanichi, chotchedwa Mercedarians, chikadalipo. Koma misika ya akapolo imene ankapitako ija inatha kalekale. Ndiye mnyamata amene akugwada paguwa chaka chino n'kuchita lumbiro lachinayi lija akulonjeza chiyani kwenikweni? Akatsala chikole kuti, m'malo mwa ndani?

Funsoli likuoneka ngati la chipani chimodzi, chonsecho likukhudza zipani zonse za asisitere, abulazala ndi ansembe mu Mpingo wa Katolika. Chipani chimene chinabadwira kuphunzitsa ana a amphawi kuwerenga chikupezeka m'dziko limene boma linamanga sukulu paliponse. China chinayamba ndi kusamala akhate, lero khate lili ndi mankhwala. China chinkatumiza amishonale kutali, tsopano kutaliko n'kumene kukuchokera achinyamata ofuna kulowa, pamene m'nyumba yoyamba ija mwatsala nkhalamba zokhazokha.

Mawu amene eni ake amagwiritsa ntchito pokambirana zimenezi ndi a Chigiriki, charisma, ndipo tsinde lake ndi charis, chimene ife timati chaulere kapena chisomo. Paulo Woyera anawatchula polembera Akorinto, pamene anati mphatso zilipo zamitundumitundu koma Mzimu ndi mmodzi yemweyo, ndipo aliyense amalandira yake kuti ipindulire onse. Kwa zaka zambiri anthu ankangonena za mzimu wa woyambitsa kapena cholinga cha chipani. Papa Paul VI, m'kalata yake ya 1971 yotchedwa Evangelica Testificatio, ndiye ananena poyera za mphatso ya oyambitsa zipani. Chikalata china cha ku Roma, Mutuae Relationes cha 1978, chinamasulira bwino: mphatsoyi ndi zimene woyambitsa anakumana nazo mwa Mzimu Woyera, n'kuzisiyira omutsatira kuti azikhala nazo m'moyo, azisunge, azizamitse ndi kuzikulitsa kosalekeza. Mukawayang'anitsitsa mawu anayiwa muona kuti amakokana. Wosunga safuna kuti chinthu chisinthe, pamene chinthu chokula sichingakhale mmene chinalili dzulo.

Ine ndimaona kuti chimene chimasokoneza ambiri, ngakhale ena a m'zipani momwemo, ndi kuyesa kuti mphatso ya chipani ndi ntchito imene chipanicho chimagwira. Ntchito imabwera pambuyo. Poyamba pamakhala munthu amene waona nkhope ya Khristu pamalo pamene ena onse ankangodutsa. Francis wa ku Assisi, atatsala pang'ono kumwalira mu 1226, anasiya mawu otsazika, ndipo pofotokoza mmene zonse zinayambira anayamba ndi akhate. Anati pamene anali m'machimo, kungoona wakhate kunkamuwawa koopsa, koma Ambuye anamutengera pakati pawo, iye n'kuwachitira chifundo, ndipo pochokako chowawa chija chinali chitasanduka chotsekemera mumtima ndi m'thupi momwe. John Bosco, akadali wansembe wachinyamata ku Turin, analowa m'ndende n'kupezamo anyamata ang'onoang'ono ali mbwee, ndipo anadzifunsa kuti zikanatha bwanji anawa akanakhala ndi bwenzi lowasamala kunja. Mayi Teresa anamva kuitana kwachiwiri ali m'sitima yopita ku Darjeeling pa 10 Seputembala 1946, ndipo mpaka lero m'nyumba zopemphereramo za Missionaries of Charity, chipani chimene iye anayambitsa, pambali pa mtanda, pamalembedwa mawu a Yesu akuti ndili ndi ludzu. Onsewa ankawerenga Mthenga Wabwino umodzimodzi, koma aliyense panali tsamba lake limene linamulasa mtima.

Kuona kumeneku kumabala kakhalidwe: kapempheredwe, kagwiridwe ka ndalama, kasankhidwe ka atsogoleri, ngakhale kalankhulidwe kwa mwana amene walakwa. Asalesian, a chipani chimene John Bosco anayambitsa, anatengera kwa iye, amene amamutchanso Don Bosco, kaleredwe koima pa zinthu zitatu, nzeru, chipembedzo ndi chikondi chooneka, ndipo m'kalata yake ya 1884 anawakumbutsa kuti kukonda achinyamata kokha sikukwana, iwo eni ayenera kudziwa kuti akukondedwa. N'chifukwa chake sukulu ziwiri zikhoza kuphunzitsa masamu omwewo, koma kwa Asalesian bulazala amayenera kupezeka pabwalo pakati pa ana nthawi yopuma. Tsono sukuluyo, chipatala, parishi kapena nyumba ya ana amasiye ndi chovala chimene mphatso yavala pa nthawi yake. Chovala chimang'ambika, ndipo mwana akakula chimathina.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, ndi umene unakakamiza zipani zonse kuyang'anizana ndi nkhaniyi. Pa 28 Okutobala 1965 unatulutsa chikalata chotchedwa Perfectae Caritatis, cholamula zipani kuyenda ndi miyendo iwiri: kubwerera ku magwero, ndiye kuti ku Mthenga Wabwino ndi ku mzimu wa woyambitsa, komanso kuzolowerana ndi nthawi zimene zasintha. Chaka chotsatira chipani chilichonse chinauzidwa kuitanitsa msonkhano wapadera ndi kuunikanso malamulo ake. Zipani zambiri za asisitere zinafukula makalata a amayi oziyambitsa, n'kudabwa kupeza kuti mayi amene ankangomudziwa pachithunzi ali phee, manja atapinda, anali munthu wolimba mtima, woyenda m'misewu, wosaopa kutsutsana ndi akuluakulu chifukwa cha amphawi. Timalamulo tambiri timene ankatiyesa ta woyambitsa tinapezeka kuti tinangounjikana m'kupita kwa zaka.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Ena anathamangira kusintha mpaka kuiwala chimene chinawasonkhanitsa, ena anakakamira chovala n'kusiya mwana akulira. Ambiri anatuluka. Cha m'ma 1970 asisitere pa dziko lonse anali pafupifupi 1 miliyoni, lero ali cha m'ma 600,000. Ajezwiti, a chipani china cha ansembe ndi abulazala, anali pafupifupi 36,000 mu 1965, pano ali cha m'ma 14,000. Ku United States asisitere anali pafupifupi 180,000 mu 1965, tsopano sakwana 40,000, pamene ku Africa ndi mbali zina za Asia chiwerengero chikukwera. Zifukwa n'zambiri: mabanja kubereka ana ochepa, atsikana kukhala ndi njira zina zophunzirira ndi zotumikira, chipembedzo kuzilala m'maiko ena. Papa John Paul II, m'kalata yake Vita Consecrata ya pa 25 Malichi 1996, anati kugonja kwenikweni kwa moyo wodzipereka sikuli m'kuchepa kwa anthu koma m'kufooka kwa mtima womamatira kwa Ambuye ndi ku maitanidwe. M'kalata yomweyo anapempha zipani kukhala ndi kukhulupirika kotha kubala zatsopano, kuti zionetsenso kulimba mtima ndi luso zimene oziyambitsa anali nazo.

Mkangano wotere ndi wakalekale. Francis asanamwalire n'komwe, abale ake anali atayamba kale kutsutsana ngati gulu la anthu zikwizikwi lingakhale popanda nyumba ndi mabuku. Zinatenga zaka pafupifupi 300, mpaka Papa Leo X anawagawa pawiri mu 1517, ndipo mu 1528 panatulukanso Akapuchini, ofuna umphawi wa pachiyambi uja. Teresa wa ku Avila anachita chimodzimodzi pakati pa Akarimeli mu 1562. Chitsanzo cha masiku athu ndi Ajezwiti. Ignatius wa ku Loyola, woyambitsa wawo, amene chipani chake chinavomerezedwa mu 1540, ankafuna anthu okonzeka kupita kulikonse kumene kusowa kwakula. Pa msonkhano wawo waukulu wa 1974 mpaka 1975 anagwirizana kuti kutumikira chikhulupiriro masiku ano sikungalekanitsidwe ndi kulimbikitsa chilungamo. Mu 1980 mkulu wawo, Pedro Arrupe, atamva za anthu a ku Vietnam othawa kwawo pa mabwato, anayambitsa Jesuit Refugee Service. Ignatius sanalembepo za misasa ya othawa nkhondo, koma ndikhulupirira akanaizindikira ntchitoyi kuti ndi yake. Mtengo wake unali wokwera: pa 16 Novembala 1989 asilikali anapha Ajezwiti 6 pa yunivesite yawo ku San Salvador, pamodzi ndi mayi wogwira ntchito panyumbapo ndi mwana wake wamkazi.

Komabe malo amene mphatsoyi imayesedwa kwambiri samveka pa wailesi. Ndi m'nyumba momwemo, pakati pa anthu amene sanasankhane. M'mawu otsazika aja Francis anati Ambuye anamupatsa abale, kuonetsa kuti sanachite kudzisankhira. Lamulo la Augustine Woyera, limene limatsatidwa ndi chipani chimene Papa Leo XIV anachitsogolera kuyambira 2001 mpaka 2013 asanakhale Papa, limayamba ndi kukumbutsa abale kuti cholinga choyamba chosonkhanirana ndi kukhala a mtima umodzi ndi moyo umodzi mwa Mulungu, monga akhristu oyamba a m'buku la Ntchito za Atumwi. Mphatso ya chipani ndi katundu wa gulu, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Taganizirani nyumba ya asisitere asanu ochokera m'maiko atatu. Wina ndi namwino ndipo sabata ino akugwira usiku. Wina ndi mphunzitsi wamkulu, wina akadali pa yunivesite, wina ali ndi zaka 80 ndipo miyendo inakana kale. Wachisanu, mkulu wa nyumba, ndi mwana kwa awiri mwa iwo. Belu la mapemphero a m'mawa likamalira, namwino uja ndi pamene wangofika, maso ali psuu. Mwezi ukatha malipiro ake onse amalowa m'thumba limodzi la nyumba, ndipo akafuna nsapato amachita kupempha, chonsecho pa foni pali uthenga wa mng'ono wake woti mayi akudwala, tithandizeni. Galimoto ndi imodzi, makiyi ali pamsomali, ndipo lero anthu atatu akuifuna nthawi imodzi. Patebulo nthabwala ya wina ndi chipongwe kwa mnzake, chifukwa kwawo salankhula choncho kwa wamkulu.

Apa ndi pamene malumbiro amatsika m'buku n'kuyamba kuyenda pansi. Umphawi umatanthauza kuti namwinoyo ndi sisitere wokalamba uja amadya mofanana ngakhale mmodzi yekha ndiye akubweretsa ndalama, ndiponso kuti vuto la mayi odwala aja lisakhale la mmodzi yekha: nyumba imene imangoti unalumbira, dziwa wekha, yaphonya. Umphawi umapeputsanso chipani kuti chithe kunyamuka kusowa kukasamukira kwina, pakuti amene ali ndi katundu wambiri sasamuka msanga. Kudzisunga kumasiya mtima wotseguka kwa aliyense wogogoda, koma m'nyumba mopanda chikondi kumauma n'kusanduka nkhanza kapena moyo wapawiri. Kumvera ndiye kumene anthu amakumvetsa molakwika kwambiri. Benedict Woyera, amene anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Montecassino cha m'ma 529, analemba m'mutu wachitatu wa Lamulo lake kuti nkhani yaikulu ikabwera, mkulu aitane onse, chifukwa kawirikawiri Ambuye amaululira wamng'ono chimene chili chabwino koposa. Mkulu ndiye amagamula pomaliza, inde, koma atamvetsera. Kumene lumbiroli lasanduka chikwapu, munthu kumatumizidwa uku ndi uku osafunsidwa, kapena kutsekedwa pakamwa pamene waona choipa, kumeneko mphatso ikufa ngakhale sukulu zikukhoza mayeso.

Ngozi ya masiku ano imabwera mwakachetechete. Anthu achepa, ntchito sizinachepe, tsono aliyense amasenza za anthu atatu. Pang'ono ndi pang'ono nyumba imasanduka malo ogona a anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana, okumana pa Misa ndi patebulo, aliyense mutu uli pa foni. Palibe amene walakwira lamulo lililonse, koma palibenso amene akudziwa chimene chikumupweteka mnzake. Chikalata cha ku Roma cha 1994 chonena za moyo wa paubale m'zipani chinatsindika kuti kukhalira limodzi mwachikondi ndi utumiki kale pakokha. Ndimavomerezana nacho ndi mtima wonse. M'dziko limene anthu akuphana chifukwa cha mtundu ndi chilankhulo, anthu asanu a maiko atatu amene amakangana, kukhululukirana n'kugwadanso pamodzi madzulo akulalikira kale asanatsegule pakamwa.

Sisitere wa zaka 80 uja musamuchotsere. Malamulo a Mpingo a 1983 amati unovisi, nthawi yophunzira moyo wa chipani munthu asanachite malumbiro, ukhale wa miyezi yosachepera 12 ndipo usapitirire zaka 2, malumbiro a kanthawi akhale a zaka 3 mpaka 6, ndipo munthu asachite malumbiro osatha asanakwanitse zaka 21. M'zaka zimenezi wachinyamata amawerenga mbiri ya chipani ndi malamulo ake. Koma chimene chimamulowa m'mafupa amachitola kwa anthu ngati gogo ameneyu: mmene amalandirira wopemphetsa pakhomo, mmene amakumbukira dzina la mwana aliyense amene anamuphunzitsa, mmene wapirira kusamutsidwa kakhumi popanda kuwawidwa mtima. Msonkhano waukulu wa chipani, umene malamulo omwewo amaupatsa udindo woteteza cholowa cha chipani ndi kuchikonzanso, ukhoza kulemba mawu okoma, koma novisi amakhulupirira zimene waona kukhitchini.

Chinthu china chimene chakula kwambiri m'zaka zapitazi ndi kugawana mphatso ndi akhristu eni ake. Mizu yake ndi yakale: Afransisikani akhala ndi gulu la anthu apabanja kuyambira masiku a Francis, ndipo Papa Paul VI anavomereza lamulo lawo latsopano mu 1978, Don Bosco anakhazikitsa gulu la othandizana naye mu 1876, Frédéric Ozanam ndi anzake, ophunzira a ku Paris, anayambitsa bungwe la Vincent de Paul mu 1833. Chatsopano n'chakuti lero sukulu ndi zipatala zambiri za zipani zikuyendetsedwa ndi anthu apabanja kuyambira pamwamba mpaka pansi. Vita Consecrata inavomereza kuti zipani zambiri zafika pozindikira kuti mphatso yawo ikhoza kugawidwa ndi akhristu eni ake. Izi zimayenda pamene anthuwo aphunzitsidwa mozama, apempherera limodzi ndi eni chipani, ndipo apatsidwa mawu enieni pa zigamulo. Zimalephera pamene aitanidwa chifukwa choti manja achepa basi. Pamenepo dzina la woyera limatsala pachipata, chithunzi chake pakhoma, koma mwana wa mmphawi amene sukuluyo inamangidwira sangathenso kulowamo chifukwa fizi yakwera. Chipani chilichonse chokhala ndi sukulu yotchuka chiyenera kudzifunsa funso limeneli mosabisa, chaka ndi chaka.

Palinso mbali yowawa imene sitingailumphe. Si aliyense wonena kuti Mzimu wamulankhula amene akunena zoona, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Marcial Maciel, amene anayambitsa Legionaries of Christ ku Mexico mu 1941, ankatamandidwa kwa zaka zambiri, koma mu 2006 Vatican inamuchotsa pa utumiki wapoyera, ndipo mu 2010 inalengeza kuti khalidwe lake linali loipa kwambiri, zina mwa izo milandu yeniyeni. Chipanicho chinaikidwa m'manja mwa nthumwi ya Papa n'kulembanso malamulo ake. Anthu amene anazunzidwa anakhala zaka osamvedwa chifukwa mbiri ya chipani inaikidwa patsogolo pa moyo wawo. Mu 2020 Papa Francis anasintha lamulo kuti episkopi asakhazikitse chipani chatsopano popanda chilolezo cholembedwa chochokera ku Roma. Mphatso yoona imaloza kwa Khristu ndipo saopa kufunsidwa mafunso. Gulu limene woyambitsa wake sangadzudzulidwe ndi loyenera kuliopa.

Tibwerere kwa mnyamata wogwada paguwa uja. A Mercedarians atabwerera ku magwero awo anaona kuti chimene Peter Nolasco anaona ndi Khristu womangidwa mwa munthu wolandidwa ufulu, ndipo malamulo awo a masiku ano amanena za mitundu yatsopano ya ukapolo. Ambiri mwa iwo akutumikira m'ndende, ena pakati pa othawa kwawo ndi ogulitsidwa ngati katundu. Asisitere a zipani zosiyanasiyana nawonso anaona zomwezo, ndipo mu 2009 anakhazikitsa mgwirizano wolimbana ndi kugulitsa anthu wotchedwa Talitha Kum, mawu amene Yesu anauza mtsikana wakufa uja kuti adzuke. Zipani zina yankho lawo ndi lopweteka koposa: zaona kuti ntchito yawo yafika kumapeto, zasiya kulandira anovisi, zikupereka nyumba ndi sukulu kwa ena mwadongosolo, n'kumasamalana mpaka womaliza. Pamafunika chikhulupiriro chachikulu kuti munthu atseke bwino chitseko chimene amayi ake anatsegula ndi misozi.

Mu 1633, ku Paris, Vincent de Paul ndi Louise de Marillac anasonkhanitsa atsikana akumudzi kuti azitumikira odwala osauka m'makomo mwawo. Masiku amenewo mkazi wochita malumbiro aakulu ankayenera kukhala m'mpanda osatuluka, ndipo Vincent ankadziwa kuti atsikanawa akangotchedwa choncho, odwala aja sadzawaonanso. Tsono anawauza kuti nyumba yawo ya chipani ikhale nyumba za odwala, kachipinda kawo kakhale chipinda cha lendi, tchalitchi chawo chikhale cha parishi, ndipo mpanda wawo ukhale misewu ya mumzinda. M'kupita kwa nthawi malumbiro awonso anakhala a chaka chimodzi chimodzi. Mwambowu ulipobe pakati pa Daughters of Charity, chipani chimene awiriwa anayambitsa. Pa chikondwerero cha Mngelo kulonjera Maria, chimene chimakhala pa 25 Malichi, aliyense amalumbiranso umphawi, kudzisunga, kumvera ndi kutumikira amphawi. Sisitere amene watha zaka 50 m'chipani amaima pamodzi ndi amene anachita malumbiro ake oyamba chaka chatha, ndipo onse awiri amalonjeza za chaka chimodzi chikubwerachi.